Seva Itakana Kompyuta ya Aphunzitsi

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YOKONZA MABUKU NDI MAYESO A ANA OSAONA

Tsiku: Loweruka, pa 9 Ogasiti
Nthawi: 2 koloko masana
Malo: Pabalaza pa nyumba ya Aphunzitsi, popeza miyendo yawo sikulolanso masitepe a ku ofesi

Amene analipo:
Mayi Wapampando
Aphunzitsi, mmodzi mwa oyambitsa bungwe, amene amawerenga mayeso ndi zala asanasindikizidwe
A Madontho, osindikiza zilembo za osaona
Mayi woimira makolo
Katswiri wa makompyuta
Mlembi

Mlendo: mwana wamkazi wa Aphunzitsi, amene amawasamalira

Opepesa: Msungichuma ndi Wachiwiri kwa Wapampando

1. Kutsegula msonkhano

1.1 Mayi woimira makolo anatsegula ndi pemphero lalifupi. Wapampando anathokoza mwana wa Aphunzitsi chifukwa cholandira komiti ndiponso chobwereka mipando kwa oyandikana nawo. Mlembi analembera pabondo, chifukwa tebulo la pabalazapo ndi limodzi, ndipo pali kompyuta ya Aphunzitsi mbali ina, mabotolo a mankhwala mbali ina.

1.2 Wapampando anati nkhani ndi imodzi yokha. Chiikireni seva yatsopano, yomwe ndi kompyuta yaikulu ya ku ofesi yosunga ntchito zathu zonse, Aphunzitsi sanabwezeko ntchito ngakhale imodzi, ndipo mayeso a chaka chino afika kumapeto kwa mwezi uno. Komiti ikuyenera kudziwa chinalakwika, ndi kugamula ngati Aphunzitsi awerenge mayesowo kapena ayi.

1.3 Kuti wodzawerenga zolembedwazi mtsogolo asasokonezeke, Wapampando anakumbutsa mmene ntchitoyi imayendera. Eni mayeso amatipatsa mafunso, ife timawasandutsa zilembo za madontho, ndipo pepala la mayeso silituluka m'chipinda chokhoma cha ku ofesi. Aphunzitsi amalowa mu seva ali kunyumba kwawo kudzera pa njira yotetezedwa ya pa intaneti, n'kumawerenga mzere ndi mzere pa chipangizo chotukula timadontho pansi pa zala, chimene iwo amangochitcha thabwa. Akakonza zolakwika n'kutuluka, pa kompyuta yawo sipatsala kanthu.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo

2.1 Mlembi anawerenga zolembedwazo. Atafika pa mawu akuti “Aphunzitsi apempha kupuma,” Aphunzitsi anakweza dzanja nafunsa kuti anapempha kwa yani.

2.2 Mlembi anati analemba zimene zinanenedwa mu msonkhano. Wapampando anati anamva kwa Msungichuma. A Madontho anati Msungichuma anamva kwa iwo, koma iwo anangoti mwina Aphunzitsi atopa, za kupempha sanatchule. Zinaoneka kuti mawu akuti mwina anagwera panjira. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

2.3 Komiti inagwirizana kufufuta mawuwo. Zotsala zinavomerezedwa.

3. Chimene mbali iliyonse inkaganiza

3.1 Wapampando anati komiti inaona kuti ntchito sikubwerera, koma podziwa za matenda a Aphunzitsi inaona kuti n'kupanda ulemu kufunsa wodwala za ntchito. Ntchitoyo inaperekedwa mwakachetechete kwa a Madontho. Anati mamembala anabwera kangapo kudzazonda, ndipo anapangana pakhomo kuti wina asayerekeze kutchula za mabuku.

3.2 Aphunzitsi anapempha kuti mawu awo alembedwe monga mmene awanenera, poti aona kumene mawu amathera akadutsa m'manja mwa anthu atatu. Anati:

“Ine m'mawa uliwonse ndimasamba, kuvala bwinobwino, n'kukhala pampando pano. Ndikayatsa, mawu a m'kompyutamu amati ‘ndikulumikiza,’ kenako zii. Poyamba ndinati ndi intaneti, mwanayu anakalipira. Ndinati ndi waya, anagula wina. Kenako ndinati ndi zala zangazi, poti mankhwalawa amazichititsa dzanzi, mwina ndikuphonya mawu achinsinsi. Ndinkawalemba pang'onopang'ono ngati mwana woyamba kumene sukulu. Zii. Ndiye inu munabwera, munakhala pa sofa pomwepo, kundifunsa za tulo, za chakudya, za ntchito ayi. Ndinati ooh, basitu andichotsa anthuwa, koma akuchita manyazi kundiuza. Nanga ine ndiwavutitsirenji anthu aulemu?”

3.3 Mwana wa Aphunzitsi anapempha kulankhula ngakhale si membala, ndipo analoledwa. Anati ankafuna kuimba foni ku ofesi kalekale koma bambo ake anamuletsa, ati munthu wamkulu sapempha ntchito imene am'chotsa. Anati anawaona akusiya kudya, ndipo pamapeto pake anaimbira Katswiri mobisa. Anati, “Ulemu wanuwo ukanandiphera bambo anga matenda asanawaphe. Kufunsa kunali kovuta pati?”

3.4 Wapampando anapepesa m'malo mwa komiti yonse. A Madontho anati manyazi anapha lambe. Palibe anaseka.

4. Lipoti la Katswiri

4.1 Katswiri anati atafika anapeza kuti kompyuta ya Aphunzitsi ilibe sikirini. Inafa zaka zapitazo, ndipo Aphunzitsi anakana kugula ina, ati ndi ya chiyani kwa iwo. Aphunzitsi anavomera kuti anaterodi ndipo anati mpaka pano sakuona cholakwika.

4.2 Katswiri anati anatsitsa kanema wa pakhoma n'kumulumikiza ku kompyutayo. Anachitanso zomwezo pamaso pa komiti. Aphunzitsi anayatsa, mawu aja anati “ndikulumikiza,” ndipo pakanemapo panatulukira kabokosi kakang'ono konena kuti seva yakana chifukwa palibe njira yomvana. Kompyutayo sinanene kanthu. Katswiri anati pulogalamu yolankhula ya Aphunzitsi ndi yakale ndipo siwerenga timabokosi ta mtundu umenewo. Uthengawo wakhala ukutuluka tsiku lililonse m'nyumba yopanda sikirini.

4.3 Katswiri analamula pulogalamu yolumikizira kuti izinena sitepe iliyonse, nawerengera komiti zimene zinatuluka. Anafotokoza kuti makina awiri asanayambe kukambirana zachinsinsi amayamba agwirizana loko wokhomera zokambiranazo. Aliyense amatchula maloko amene amawadziwa. Kompyuta ya Aphunzitsi imadziwa akale okhaokha, seva yatsopano imalola atsopano okhaokha, ndipo palibe loko amene ali mbali zonse ziwiri. Zikatero seva imangodula. Anati seva yakale inkalola zonse, n'chifukwa chake vutoli silinkaoneka.

4.4 Aphunzitsi anafunsa ngati mawu awo achinsinsi anali olondola. Katswiri anati, “Aphunzitsi, seva sinkafika n'komwe pofunsa dzina lanu. Inkadula musanalembe kanthu koti iyo imve.” Aphunzitsi anamupempha kuti abwereze. Anabwereza. Aphunzitsi anasisita zala zawo, kenako anati, “Ndiye zalazi zilibe mlandu.”

4.5 A Madontho anafunsa, ndi mawu okwera kuposa mmene pabalaza pa wodwala pamalolera, chifukwa chimene Katswiri sanachenjeze anthu poika seva yatsopano. Katswiri anati chenjezo linatumizidwa pa foni kwa mamembala onse, koma linatumizidwa ngati chithunzi chokongoletsedwa bwino, chimene foni yolankhula siingawerenge. Anati kulakwako ndi kwake ndipo anapepesa kwa Aphunzitsi. Komiti inakumbukira kuti mamembala onse openya anachiona chithunzicho, ena mpaka anachiyamikira. Izi zinachitika m'bungwe limene ntchito yake ndi kuwerengetsa osaona.

5. Njira zothetsera vutoli

5.1 Katswiri anati anayesa kuika pulogalamu yolumikizira yatsopano pa kompyuta ya Aphunzitsi, koma inakana kukhazikika chifukwa kompyutayo yakalamba.

5.2 Anati anabweretsa laputopu yatsopano, ndipo inalowa mu seva popanda vuto, koma sinalizindikire thabwa la Aphunzitsi. Opanga thabwalo anatseka kalekale ndipo palibe wolisamalira. Thabwa latsopano bungwe lili nalo limodzi, la m'chipinda chokhoma, ndipo pangano lathu ndi eni mayeso silimalola kuti lituluke. Wapampando anafunsa ngati Aphunzitsi angamanyamulidwe kupita ku ofesi. Mwana wawo anati ulendo wa kuchipatala wokha umawagoneka masiku awiri.

5.3 Katswiri anati njira yabwino ilipo. Atha kuika kamakina kakang'ono pa tebulo lomweli, kuti kompyuta yakale izilankhula nako pa waya wamfupi ndi loko wakale, ndipo kamakinako kazilankhula ndi seva ndi loko watsopano. Anati anayesa ndi zipangizo zobwereka ndipo zinatheka. Vuto ndi lakuti chipangizo chilichonse chokhudza mayeso chimayenera kuyenderedwa ndi eni mayeso, ndipo iwo amayendera kamodzi pachaka, mayeso akatha. Wapampando anati anawaimbira kale eni mayesowo kuwachonderera, ndipo anayankha mwaulemu kuti lamulo ndi lamulo. Choncho njira imeneyi ingagwire ntchito chaka chamawa.

5.4 Njira yotsala, anatero Katswiri, ndi kuuza seva kuti ilolenso loko wakale. Anati ndi ntchito yosatha ndi mphindi zisanu, ndipo Aphunzitsi atha kulowa lero lomwe. Anati iye sakuvomereza.

5.5 A Madontho anati atsegulire Aphunzitsi okha basi. Katswiri anati sizitheka, chifukwa za loko zimakambidwa seva isanadziwe amene akugogoda. Ukatsegulira mmodzi watsegulira onse. Anati akuba a pa intaneti anaphunzira kale kuthyola maloko akalewo, ndipo munthu womvetsera panjira atha kutola zonse zimene Aphunzitsi akuwerenga.

5.6 A Madontho anati zaka zonsezi takhala ndi loko wakaleyo, ndani anatibera? Anati ana a masiku ano amaopa ndi mthunzi womwe. Katswiri anati seva imasunga mbiri ya ogogoda, ndipo tsiku lililonse pamabwera alendo osadziwika oyesa ngati loko wakale akadalipo. Anati pangano latsopano ndi eni mayeso limaletsa loko ameneyo polembapo dzina lake. A Madontho anafunsa kuti adzadziwa ndani. Wapampando anati mawu amenewo sanawamve, koma mlembi anawamva.

5.7 Mayi woimira makolo anati mwana wawo akulemba chaka chino. Anati sakudziwa za maloko, chimene akudziwa n'chakuti dontho limodzi likasowa pa funso la masamu, funsolo limasanduka lina, ndipo mwana wosaona sangasuzumire pa pepala la mnzake kuti aone ngati chalakwika ndi pepala kapena mutu wake. Anati amakhulupirira zala za Aphunzitsi. A Madontho anati sakukhumudwa ndi mawuwo chifukwa ndi oona: iwo amawerenga madontho ndi maso, ndipo maso amathamanga n'kuona chimene akuyembekezera, pamene zala sizidumpha kanthu.

5.8 Wapampando anati mwina komiti ipirire chaka chino chokha, chaka chamawa Aphunzitsi adzabwerere pa ntchito yawo kudzera pa kamakina kaja. Mwana wa Aphunzitsi anaimirira. Bambo ake anamva mpando ukusuntha ndipo anati, “Khala pansi, mayi.” Iye anati, “Ayi ababa, lero ndinena. Mukungoti chaka chamawa, chaka chamawa. Adokotala anatiuza tonse awiri, ababa ali pomwepo, kuti tisawerengere chaka chamawa. Mayeso awa ndi omaliza. Atsegulireni, chonde. Ndi chinthu chokhacho chimene chimawadzutsa pa bedi.”

5.9 Mlembi zinamupweteka, ndipo sakuona chifukwa chobisira zimenezo m'zolembedwa. Panja pankamveka ana akusewera mpira mumsewu.

6. Voti

6.1 Wapampando anati komiti ivote pa mfundo imodzi: seva ilolenso loko wakale mpaka mayeso atatha, kapena ayi. Monga mwa chizolowezi cha komitiyi, voti inali ya pakamwa, aliyense kutchula maganizo ake mokweza, kuti wosaona amve amene wanena chiyani. Malamulo a bungwe salola mlembi kuvota, ndipo tsiku limeneli mlembi anawathokoza malamulowo.

6.2 A Madontho anati atsegule. Mayi woimira makolo anati atsegule. Katswiri anati ayi. Wapampando anati ayi, nawonjezera kuti adziwana ndi Aphunzitsi kuyambira bungweli lili m'chipinda chimodzi chobwereka, ndipo sanayembekezere kuti tsiku lina adzawakana. Panatsala Aphunzitsi.

6.3 Aphunzitsi anaitana Katswiri kuti asendere pafupi. Anati, “Mwanawe, usandinyengerere poti ndine wodwala. Ukanditsegulira, mafunso abedwa?” Katswiri anati sangalumbire kuti abedwa, mwina sangabedwe n'komwe. Aphunzitsi anati, “Nanga ungalumbire kuti sabedwa?” Katswiri anati ayi.

6.4 Aphunzitsi anapemphanso kuti mawu awo alembedwe onse. Anati:

“Ana amene ndinawaphunzitsa ndinkawauza chinthu chimodzi, kuti mayeso anu ndi omwewo a anzanu openya, palibe adzakuuzeni kuti munapatsidwa mwachifundo. Mafunso akatuluka kudzera kwa ife, anthu sadzati seva, sadzati loko. Adzati osaona aja amabera. Mwana wa mayiwa adzasenza mawu amenewo moyo wake wonse, ine ndili chigonere osamva kanthu. Musaganize kuti ntchitoyi sindikuifuna. Ndikuifuna kuposa chakudya, mwanayu wanena zoona. Koma tsekani.”

6.5 Mfundo inagwa ndi mavoti atatu kwa awiri. Mayi woimira makolo analira. Mwana wa Aphunzitsi anapita kukhitchini ndipo anakhalitsako.

7. Zogwirizana

7.1 Seva isalole loko wakale.

7.2 A Madontho awerenge mayeso a chaka chino. Mpaka mayesowo afike, azibwera kwa Aphunzitsi masana aliwonse ndi mapepala a zaka zapitazo, amene salinso achinsinsi, kuti aphunzire kuwerenga ndi zala. Aphunzitsi anati abwere ndi kansalu komanga kumaso, chifukwa amawadziwa, adzasuzumira. A Madontho anati pa msinkhu wawo sanayembekezere kubwerera m'kalasi, koma abwera.

7.3 Mabuku a nthano ndi ena osakhudza mayeso azibweretsedwa kwa Aphunzitsi pamanja, kuyambira Lolemba.

7.4 Wapampando alembere eni mayeso kupempha kuti adzayendere kamakina kaja mayeso akatha. Wapampando anakayikira ngati mfundoyi ilembedwe. Aphunzitsi anati ilembedwe, osaona okhala ndi makompyuta akale sanathe, wina adzakagwiritsa ntchito.

7.5 Chidziwitso chilichonse cha bungwe chizitumizidwa m'mawu olembedwa amene foni ingawerenge, ndipo chokhudza ntchito ya munthu chizitsatiridwa ndi kumuimbira munthuyo.

8. Kuchotsa kiyi wakale

8.1 Katswiri anati kompyuta iliyonse yololedwa ili ndi chizindikiro chake chosungidwa mu seva, chimene amachitcha kiyi, ndipo pangano limafuna kuti makiyi a mtundu wakale achotsedwe mayeso asanafike. Anati wa Aphunzitsi ndi yekhayo watsala. Ananena motsitsa kuti akachita zimenezi ku ofesi Lolemba.

8.2 Aphunzitsi anati zinthu zawo zachitikira kumbali mokwanira, ichi chichitikire pomwepa. Katswiri analowa mu seva ndi laputopu yake, naiika pamiyendo pa Aphunzitsi. Anawawerengera zimene zinali pa sikirini: dzina lawo, ndi chaka chimene kiyiyo anapangidwa, chomwe ndi chaka chimene bungwe linalandira mayeso koyamba. Mwana wawo anabwerera kuchokera kukhitchini, anagwira dzanja la bambo ake, naika chala chawo pa batani limene Katswiri analoza. Aphunzitsi anadina okha.

9. Zina ndi zina

9.1 Wapampando anafunsa ngati pali zina. Panalibe. Katswiri anapachikanso kanema pakhoma, ndipo a Madontho anamugwirira mpando.

10. Msonkhano wotsatira

10.1 Mlembi anakumbutsa kuti mwa ndondomeko ya chaka msonkhano wotsatira ndi wa mu Novembala, ku ofesi. Wapampando anati ukhale Loweruka pa 23 Ogasiti, pabalaza pomwepa. Mlembi anafunsa mfundo zodzakambirana. Wapampando anati zidzapezeka.

10.2 Aphunzitsi anati Mulungu akalola adzakhalapo. Anati akadzapanda kukhalapo, mlembi adzawalembe pa opepesa, chifukwa chiyambire bungweli sanajombepo msonkhano popanda chifukwa. Mlembi analonjeza.

11. Kutseka

Wapampando anapempha Aphunzitsi kuti atseke ndi pemphero. Anapempherera ana olemba mayeso, nawatchula mayina mmodzimmodzi. Msonkhano unatha nthawi itangopitirira 5 koloko madzulo.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________